Kwawo kwa Honda Fit kuli zoposa galimoto

Mukafunsa anyamata a ku Sunningdale ku Harare kuti dziko la Japan amalidziwa ndi chiyani, angokulozerani mumsewu wa Seke, momwe ma Honda Fit a mushikashika ndi makombi a Toyota Hiace amapikisana kuthamangira m'tauni ndi ku Chitungwiza. Sakunama. Ngakhale mlatho watsopano wa pa Chirundu, womwe unatsegulidwa mu 2002, unamangidwa ndi ndalama za boma la Japan. Ife a kumudzi tilinso ndi pathu ponyadira, chifukwa chiyambire 1971 palibe dziko lomwe lalandira achinyamata ongodzipereka a ku Japan ochuluka kuposa Malawi. Nanga amene wadzimana, wasunga kangachepe kuti akaone dzikolo ndi maso, akayambire pati?

Zazitali ndi zothamanga n'zosavuta kuzipeza. Nsanja ya Tokyo Skytree, yomwe inatsegulidwa mu 2012, ndi yotalika mamita 634. Pa siteshoni ya sitima ya Shinjuku pamadutsa anthu oposa 3 miliyoni tsiku limodzi, kuposa anthu onse a mumzinda wa Harare, ndipo palibe siteshoni ina padziko yopita anthu chotero. Sitima yawo yoyendera maginito inathamanga makilomita 603 pa ola poyesedwa mu 2015. Phiri la Fuji ndi la mamita 3,776, pomwe Sapitwa wa ku Mulanje ali pa 3,002 ndipo Nyangani wa ku Zimbabwe ali pa 2,592. Izi jambulani n'kupitirira. Nsanja yaitali mawa wina adzamanga yoposa.

Chomwe wina sangachipose ndi ndalama ndi ukalamba, ndipo apa m'pamene Japan alibe mnzake. Kufupi ndi mzinda wa Nara kuli kachisi wa Horyu-ji, komwe kuli nyumba zamatabwa zakale kwambiri padziko lonse zomwe zikadali chiimire. Kachisiyu anayambitsidwa mu 607, anapsa mu 670, n'kumangidwanso. Akatswiri atawerenga mizere ya mtengo wa mzati wapakati pa nsanja yake yosanjikiza kasanu, anapeza kuti unadulidwa cha mu 594. Taganizani, mtengo umene unagwetsedwa miyala ya Great Zimbabwe isanayalidwe n'komwe ukadali pamalo pake. Sikuti chiswe ndi mvula kulibe ayi. Kungoti m'badwo uliwonse umakhala ndi akalipentala ake ophwasula powola, kuika thabwa lina, n'kuphunzitsa ana ntchitoyo.

Akalipentala a makachisi ndi omwenso ali ndi kampani yomwe imatchulidwa kuti ndi yakale kuposa zonse, Kongo Gumi ya ku Osaka, yomwe inayamba mu 578. Inapirira nkhondo ndi zivomezi, koma ngongole ndi imene inaigwetsa, mpaka mu 2006 inalowa m'manja mwa kampani ina. Ofuna pogona pa mbiri apite ku Nishiyama Onsen Keiunkan, m'mapiri a Yamanashi, hotela yomwe inatsegulidwa mu 705 pa akasupe a madzi otentha, ndipo buku la Guinness limaiika patsogolo pa zonse pa ukale. Musalowe m'dziwemo musanasambe. Kumeneko munthu amayamba wadziyeretsa ndi sopo pambali, dziwe ndi longopumuliramo, ndipo malo ambiri otere salola munthu wa zojambula pakhungu.

Ku Ise amachita zosiyana, ndipo ine n'zimene zimandigometsa kwambiri. Kachisi wawo wolemekezeka wa chipembedzo cha Shinto amamangidwanso mwatsopano pakatha zaka 20 zilizonse, pabwalo loyandikana, wakaleyo n'kuphwasulidwa. Mu 2013 anamanga kachi 62, ndipo kotsatira ndi mu 2033. Nyumbayo sikalamba, chokalamba ndi luso loimangira.

Okonda phokoso ndi fumbi asadandaule. Ku Naha, pachilumba cha Okinawa, mwezi wa Okutobala uliwonse anthu zikwizikwi amakokana chingwe cha mapesi a mpunga chotalika pafupifupi mamita 200, cholemera matani pafupifupi 40, ndipo mlendo aliyense ndi wololedwa kugwira nawo. Ku msika wa nsomba wa Toyosu ku Tokyo, mu Januwale 2019, mwini malo odyera Kiyoshi Kimura anagula nsomba imodzi ya tuna ya makilogalamu 278 pa mtengo wa mayeni 333.6 miliyoni, ndalama zoposa madola 3 miliyoni a ku America. Kumeneko si kugula ndiwo ayi, n'kugula dzina.

Koma mwana wa ku Harare amene wakula akuthawa zilombo ku Mbare kapena ku Mufakose asabwerere asanaonere sewero la kabuki. Mu 2005, bungwe la UNESCO litalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chuma cha anthu onse, kabuki analengezedwa naye pamodzi. Sewero limeneli linayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600 ndi mayi wina, Izumo no Okuni, koma mu 1629 boma linaletsa akazi kukwera pabwalo, ndipo mpaka lero mbali za akazi amasewera ndi amuna. Amene anaonapo Maliya akuvina m'bwalo la gule sangadabwe nazo. Sewero lathunthu limatenga maola angapo ndipo mtengo wake ndi wowawa, koma ku Kabuki-za, m'dera la Ginza ku Tokyo, amagulitsa matikiti oonera chigawo chimodzi chokha, pamipando ya pamwamba penipeni.