Chidindo cha Injiniya ndi Udindo Umene Chimasenza

Ku United States, mapulani a mlatho kapena a nyumba yosanjikizana savomerezedwa popanda dzina la injiniya amene ali ndi chiphaso chochokera ku bungwe loyang'anira ainjiniya m'chigawo chake, ndipo dongosolo limeneli linayambira ku Wyoming mu 1907. Kawirikawiri munthu amaphunzira zaka zinayi ku yunivesite, nakhoza mayeso oyamba, kenaka amagwira ntchito zaka zina zinayi pansi pa injiniya wachiphaso asanalembe mayeso omaliza. Akapambana amaloledwa kukhala ndi chidindo cha dzina ndi nambala yake, ndipo akachidinda pa pulani amakhala akulengeza kuti ntchitoyo waiona yekha kapena yachitika iye akuyang'anira, kotero kuti ikadzavulaza anthu, wofunsidwa ndi iyeyo.

Kulemera kwa lamuloli kunaonekera pa 17 July 1981 mumzinda wa Kansas City, pamene makonde awiri olendewera m'hotela ya Hyatt Regency anagwera anthu amene anasonkhana pa gule, naphetsa anthu 114. Pulani yoyamba inali yoti ndodo zachitsulo zitalizitali zichokere kudenga n'kunyamula makonde onse awiri, koma kampani yokonza zitsulo inapempha kuti ndodozo zigawidwe pawiri pofuna kupeputsa ntchito, motero khonde lapansi linapachikidwa pa mitanda ya khonde lapamwamba. Kusinthaku, kumene pa pepala kumaoneka kochepa, kunachititsa kuti malo amene ndodo zinagwira mitandayo asenze katundu wowirikiza kawiri, ndipo ndodo zinabooleza mitanda. Ainjiniya anavomereza zojambula zatsopanozo osawerengeranso mphamvu ya malowo, chikhalirecho masamu ake sanali ovuta ayi.

Bungwe loyang'anira ainjiniya la chigawo cha Missouri, kumene kuli mzindawu, litawatengera kumlandu, ainjiniyawo anadziteteza ponena kuti mwa chizolowezi cha ntchitoyi, kukonza pulani ya malo olumikizira zitsulo unali udindo wa kampani ija. Woweruza anakana mfundoyi, ndipo anachita bwino, pakuti munthu wolowa m'nyumba alibe njira yoyesera zitsulo zobisika pamwamba pa mutu wake, amangodalira amene anadinda. Mwini chidindo angathe kugawira ena ntchito, koma udindo sangaugawe. Ainjiniyawo, Jack Gillum ndi Daniel Duncan, anapezeka olakwa pa kunyalanyaza ntchito kwakukulu, ndipo mu 1986 analandidwa ziphaso zawo.