Nsalu yophimbira mbande

Mbande ndi mbewu zazing'ono za ku dimba. Pali mbande za kabici, za repu ndi za matimati.

Mbande zili ndi adani ambiri. Ziwala zimadya masamba. Nkhuku zimapalasa nthaka. Ku Angónia, cisanu ca mwezi wa Juni ndi Julaye cimapha mbande. Mbande zikafa, banja limasowa ndiwo.

Ndiye cifukwa cake alimi ena amaphimba mbande ndi nsalu. Koma si nsalu iliyonse imene imathandiza.

Nsalu yabwino ndi yoyera ndiponso yopepuka. Ili ndi timabowo ting'onoting'ono. Kuwala, mpweya ndi madzi zimalowa. Ziwala sizilowa.

Nsalu yokhuthala imabisa dzuwa. Mbande zimaonda, masamba amasanduka acikasu. Pulasitiki nayo imasunga kutentha, mbande n'kupsa.

Posankha, mlimi amaika dzanja kuseri kwa nsalu. Zala zikaoneka, kuwala kudzalowa. Kenaka amathirapo madzi. Madzi akadutsa, nsaluyo ndi yabwino.

Mlimi amazika nsungwi zopinda, n'kuyala nsalu pamwamba. M'mphepete amasanja miyala kuti mphepo isaiulutse. Mbande zimakula bwino, ndiwo sizisowa pakhomo.