Khutu saligula pa kaunjika

Kodi abale anzanga, munayamba mwabwerako ku dansi usiku, mwafika pamphasa, m'nyumba muli zii, koma m'khutu mukulira nyenje ngati masana a mwezi wa Okutobala? Ambiri timangoseka n'kumati gule anakoma, nyimbo yatitsatira mpaka kunyumba. Ayi ndithu, imeneyo si nyimbo. Limenelo ndi khutu likudandaula.

Ine zinandionekera chapakati pa zaka za m'ma 1990, matipate atangobwera kumene, aliyense ali ndi njala yolankhula ndi yoimba. Ndi nthawi ija makaseti a ku Balaka anali pa benchi iliyonse ku Limbe, Alleluya Band ili m'kamwam'kamwa, malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, atangotulutsa Son of a Poor Man. Lamulungu masana anthu tinkathamangira ku French Cultural Centre, imene lero akuti Blantyre Cultural Centre, tikatero ndiye sabata yatha bwino.

Koma tsoka langa ndinalipeza pa holo ina m'tauni muno. Dzina lake tisatchule poti wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinafika mochedwa, malo otsala anali kutsogolo penipeni pa mulu wa masipika otalika kuposa munthu. Ndinaona ngati ndatola chikwama. Besi ikagunda, malaya ankachita kunjenjemera pachifuwa, ine n'kumati eya, ndalama yanga ikugwira ntchito. Maola anayi ndili pomwepo. Potuluka, mnzanga amene ndinali naye ankalankhula ngati ali pansi pa madzi. Nyenje ija inalira masiku awiri, tsiku lachitatu inaleka, ine n'kuti basi ndachira.

Kuchira kwake kunali kwa pamwamba chabe. M'kati mwa khutu, kupitirira ng'oma ya khutu ija ndi timafupa titatu (kamodzi mwa timeneti ndiko kafupa kakang'ono kuposa onse m'thupi, sikafika ndi pa njere ya mpunga), muli kachigoba kopiringizika ngati ka nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi ubweya pafupifupi 16,000 khutu lililonse. Timeneti ndi timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likachuluka timagona pansi ngati udzu wopondedwa. Mukaponda kamodzi, mawa udzu wadzuka. Koma onani kanjira kachidule kamene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku popita ku msika, pamameranso kanthu? Timaseloti tikafa tafa basi, kwa munthu sitiphukanso.

Chopweteka mtima n'choti nkhuku imene mukugulitsa pamsikayo ikutiposa. Mu 1988 akatswiri a ku America anapeza kuti mbalame, kuphatikizapo nkhuku, timaselo take ta m'khutu tikaonongeka timameranso. Nsomba nazonso chimodzimodzi. Munthu ndiye anamanidwa mwayi umenewu.

Phokoso lili ndi sikelo yake ngati mmene nyama ilili ndi makilo. Amaliyeza ndi madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino ndiye kuti ali cha m'ma 60. Akatswiri oona za chitetezo cha pantchito amati pa 85 munthu asapitirire maola 8 pa tsiku. Tsono apa ndi pamene pali msampha: mukangowonjezera madesibelo atatu okha, nthawi ija imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola awiri, pa 94 ola limodzi. Pofika pa 100 mwatsala ndi mphindi 15 zokha. Magulu oimba ambiri akatsegula zida zawo amafika pa 100 ngakhale kupitirira apo. Ndiye werengani nokha: ngati usiku uja pamene ndinaima panali 100, ndiye kuti phokoso la masiku 16 ndinalimeza usiku umodzi, chonsecho n'kulipiranso pakhomo.

Azungu nawo misala imeneyi anaichitapo, mpaka kumapikisana. Pa 31 Meyi 1976 gulu la The Who linaimba pa bwalo la mpira la Charlton Athletic ku London, ndipo atayeza anapeza madesibelo 126 pa mtunda wa mamita 32 kuchokera pa masipika. Buku la Guinness linawalemba kuti ndiwo akatundu pa phokoso padziko lonse. Patapita nthawi eni bukulo anasiya kulemba za mpikisano umenewu poona kuti ukulimbikitsa anthu kudzigonthetsa. Woimba gitala wa gululo, Pete Townshend, wakhala akudandaula za makutu ake kwa zaka zambiri, ndipo iye mwini amaloza chala kwambiri mahedifoni amene ankavala pojambula nyimbo. Mu 2016 Brian Johnson wa gulu la AC/DC anachita kusiyira panjira ulendo wokaimba madokotala atamuuza kuti akapitiriza agonthera pompo. Amenewa ndi anthu a ndalama zawo, madokotala amachita kuwasankha, koma khutu latsopano analephera kuligula. Nanga vuvuzela uja tinatengera ku South Africa pa Chikho cha Dziko Lonse mu 2010? Pakamwa pake amapitirira madesibelo 120, ndipo amene amavulala kwambiri si woimbayo ayi, koma inu amene mwakhala kutsogolo kwake.

Komatu kunena mosapsatira, dansi ya kamodzi pa mwezi si mdani wamkulu wa inu a pamsika. Mdani wanu ali pa benchi yoyandikana nayo. Tayang'anani tsiku lanu mmene limayendera. Kukacha, mnyamata woika nyimbo m'mafoni watsegula sipika yake mpaka kumapeto kuti apose mnzake wa tsidya linalo, nayenso mnzakeyo sakugonja. Kumbali uku kachimkuzamawu kakubwereza za mankhwala a makoswe ndi mphemvu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwini wake ali phee akudya chipisi. Oitanira minibasi akumenya chitseko, hutala ili pakamwa. Nthawi ya nkhomaliro mlaliki wafika ndi zida zake. Magetsi akazima, majenereta ayamba. Amene muli kufupi ndi chigayo, owotcherera zitsulo kapena okhoma ndowa, inu ndiye musanene. Zonsezi maola khumi, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, chaka ndi chaka. Kanjira kachidule kaja ndi kameneka.

Makina oyezera phokoso simuli nawo, koma mkono muli nawo. Ngati munthu waima patali ngati kutalika kwa mkono wanu ndipo mukuchita kukuwa kuti akumveni, dziwani kuti pamalopo phokoso lafika kale cha m'ma 85.

Wina afunsa, nanga zikukhudza bwanji geni yanga? Ugonthi wa phokoso subwera ndi ululu, sutulutsa magazi, ndipo suyamba ndi kutseka khutu lonse. Umayamba kuba timawu tating'onoting'ono, monga s, f ndi t. Munthu umamva ndithu kuti kasitomala akulankhula, koma mawu ake osalongosoka, makamaka pamene pali chipwirikiti. Apa ndi pamene fifitini amasanduka fifite. Wooda katundu pafoni wanena zina, inu mwamva zina, mawa mkangano. Kasitomala wafunsa mtengo kawiri inu osatembenuka, iye wapita kwa mnzanu uku akunena kuti mayi aja ndi amatama. Kunyumba ana akudandaula kuti adadi wailesi mwakweza, inu n'kumati ana a masiku ano amalankhulira m'mphuno. Khutu ndi mpamba ngati mmene ulili mpamba wa m'thumba, kusiyana kwake n'koti uwu ukatha ku banki m'khonde sabwereketsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi pa ukwati. Nthawi ya perekaniperekani DJ wakweza mpaka mawindo kunjenjemera, mayi akuvina chobwerera m'mbuyo kupita kutsogolo kukaponya ndalama, khanda lili kumbuyo, kamutu kake kali pakamwa penipeni pa sipika. Wamkulu akamva kuwawa amasuntha. Mwana wa pa msana asunthira kuti? Amayi, chonde, mwanayo muzimusiyira wina panja mukamapita kukafupa.

Achinyamata nawo, makamaka a kabaza ndi ogulitsa zoyendayenda, tsiku lonse timawaya tili m'makutu, akukweza kuti aphimbe phokoso la msewu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo cha ugonthi chifukwa cha mamvedwe otere, ndipo limalangiza kuti wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Mu 2022 bungweli linatulutsanso muyezo woti m'malo azisangalalo phokoso lisamapitirire 100. Ngati mnzanu wakhala nanu pampando wa minibasi akumva nyimbo ya m'makutu mwanu mpaka kumaimba nawo, amwene, tsitsani.

Palibe akuti musiye dansi. Ine ndemwe a Black Missionaries akabwera sindikhala pakhomo. Koma malo oima ndiwo nkhani. Pabwalo, mukatalikira sipika kawiri kuposa pamene munali, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, kutanthauza kuti nthawi yanu yachuluka kanayi. Kutuluka panja pang'ono gulu likamapuma kumathandizanso. Pamsika, kungogwirizana ndi mnzanu kuti sipika ayang'anitse kumsewu osati kumutu kwanu ndi phindu kale, ndipo makomiti a m'misika akhoza kuikapo mlomo monga amachitira pa nkhani ya zinyalala. A pachigayo ndi owotcherera, thonje limene mumatsekera m'makutu lija ndi lodzinamiza nalo, phokoso limadutsa. Funsani timapulagi ta siponji m'masitolo a zida zomangira kapena ogulitsa mankhwala. Ndipo mtengo wa machesi kapena nthenga ya nkhuku sizichotsa nyenje, zimangoboola ng'oma.

Sikuti kulira kulikonse kwa m'khutu n'kwa phokoso. Amene munamwapo kwinini wa malungo mukukudziwa, ndipo kumeneko kawirikawiri kumatha mankhwala akatha. Koma ngati kulira sikukusiya, kapena khutu limodzi langotseka mwadzidzidzi, musadikire kuti mumalize kaye katundu. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ku African Bible College. Kuyezako sikupweteka, amangokuvekani mahedifoni n'kumakufunsani ngati mwamva kulira. Timakina tothandiza kumva tiliko ndipo timathandizadi, kungoti timakweza zimene zatsala, zimene zinapita sitibweza.

Ine nyenje yanga inabwereranso patapita zaka, ulendo uno khutu lakumanzere, lomwe lija linayang'ana ku sipika, ndipo sinachokenso. Masana sindiimva kwenikweni, imadikira ndizime nyali. Ndikapita kogula tomato ndimapendeketsa mutu kupereka khutu lakumanja. Mayi amene ndimawagula anazolowera, masiku ano mtengo amangondionetsa ndi zala.