FUMBI LA MIYALA LIMAPHA MAPAPO MWAKACETECETE

Kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, amuna a Cisenga anazolowera kuyambira kale kutuluka m'cigwa ca Luangwa kukafuna ndalama ku migodi. Ena mwa amene amagwira nchito pansi pa nthaka amabwerera kwao ndi cifuwa cosamva mankhwala, ndipo pamudzi amayamba kuloza zala abale kuti awalodza. Kawirikawiri mfiti yake ndi fumbi la miyala.

Miyala yolimba monga nsangalabwi ikaboolewa kapena kuphwanyidwa, imatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, lochedwa silika. Fumbili likalowa m'mapapo silitulukanso. Mapapo amacita zipsera nauma, ndipo nthendayi madotolo amaicha silikosisi. Mwa anthu ambiri imaoneka patapita zaka 10 kapena 20. Koma pali mtundu wina woopsya umene umagwira munthu amene wapuma fumbi lambiri m'nthawi yocepa. Timatumba ta mpweya m'mapapo timadzala ndi zamadzimadzi, munthu amabanika, amaonda, ndipo akhoza kumwalira m'miyezi yowerengeka. Ndizo zinacitika ku Hawks Nest m'dziko la America kuyambira mu 1930, kumene anchito mazanamazana anafa ataboola phiri popanda kuthira madzi.

M'Zambia nthendayi inadziwika kwambiri ku mgodi wa Mufulira, kumene miyala ili ndi silika wambiri. Ku Kitwe kuli bungwe la Boma la Occupational Health and Safety Institute limene limapima anchito a m'migodi, ngakhale amene analeka nchito kalekale. Wopezeka ndi nthendayi angathe kupempha cipukuta misozi ku Workers' Compensation Fund Control Board. Cobvuta ncakuti kucokera ku Chikwa kufika ku Kitwe ndi ulendo wautali, wofuna ndalama.

Amene ali pangozi yaikulu masiku ano ndi anyamata okumba okha miyala ya mtengo wapatali m'maenje a ku Lundazi, ndi amai ophwanya miyala ndi nyundo, ana ali kumbuyo. Iwowa alibe wowapima. Kansalu ka pamphuno sikaletsa fumbi losalalali. Cimene cimathandiza ndi kunyowetsa mwala usanaphwanyidwe.

Mankhwala ocizira silikosisi kulibe, koma mapapo otere amagwidwa msanga ndi cifuwa cacikulu ca TB, cimene cimacizika. Cotero munthu wotsokomola amene anagwirapo nchito ya miyala ayenera kupita ku cipatala ca Chama, ndi kuuza dotolo nchito imene anali kugwira ndi zaka zimene anaigwira.