Munda Umene Sabzalamo Chimanga

Ife a kuno ku Kasina tikamva mawu akuti munda, mtima umathamangira ku chimanga, nyemba ndi kachewere. Koma ku Zomba, m'tsinde mwa phiri lalikulu lija, kuli munda wina umene mwini wake sakololamo kanthu koika m'nkhokwe. M'menemo muli mitengo, maluwa, nsungwi ndi udzu wotchetcha bwino, ndipo mtsinje wa Mulunguzi upita pakati pake potsika kuchokera pamwamba pa phiri. Pa Chizungu autcha Botanic Garden. Anthu ambiri amapitako kukakhala pamthunzi, kudya kamba wawo, kapena kujambulitsa zithunzi za ukwati. Zimenezo nzabwino ndithu, komatu mwana wa sukulu amene angothera tsiku lonse chogona pa kapinga wataya ndalama za basi pachabe, pakuti ulendo wa kumeneko ngwautali: Dedza, Ntcheu, Balaka, kuoloka Shire pa Liwonde, ndiyeno Zomba.

Mundawu unayamba m'chaka cha 1891. Pa nthawi imeneyo Bwana Harry Johnston, amene anali mkulu wa Boma la Angerezi m'dziko muno, anakhazikitsa likulu lake ku Zomba, nabwera ndi Bwana Alexander Whyte, munthu wodziwa za zomera. Ntchito ya Whyte inali kuyesa mbewu ndi mitengo yochokera kumaiko ena, kuti aone imene ingalole nthaka ndi mvula ya kuno. Tsono poyamba sunali munda wochezerako ayi, unali woyeseramo mbewu zopindulitsa Boma. Zomba analeka kukhala likulu mu 1975, koma munda unatsala pomwepo, ndipo tsopano uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi.

Anzanga, mukalowa pachipata musafulumire. Funani mitengo imene aikapo tizikwangwani, muwerenge. Mudzaona kuti dzina lake lili m'Chilatini, ndipo lili ndi mawu awiri. Loyamba ndi la banja la mtengowo, monga mfunda kwathu kuno, ndipo lachiwiri ndi lakelake. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, ndi cholinga chakuti Mchewa, Mtumbuka ndi munthu wa ku India, aliyense ndi chilankhulo chake, adziwe kuti akukamba mtengo umodzi womwewo.

Maina awa amaoneka olimba pakamwa, koma ambiri ali ndi nkhani m'kati mwake. Mlombwa, umene amisiri amapalira zitseko, ndi Pterocarpus angolensis, ndipo mawu achiwiriwo akunena dziko la Angola. Msuku, womwe zipatso zake timatola m'mapiri mwathu muno mvula ikamayamba, ndi Uapaca kirkiana, dzina lokumbukira John Kirk, dotolo amene anayenda ndi David Livingstone mu mtsinje wa Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858. Kunena zoona, makolo athu anadya masuku zaka mazanamazana Kirk asanabadwe, ndipo ine ndiona kuti dzina la Chichewa liyenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu mofanana ndi la Chilatinilo.

Dzina la Whyte nalonso lili pa mtengo. Iye anakwera phiri la Mulanje natengako nthambi za mkungudza, ndipo akatswiri a ku London anautcha Widdringtonia whytei. Umenewu ndiye mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, ndipo ubwino umenewu ndi womwe unauphetsa. Ocheka matabwa ndi moto wolusa anaumaliza kotero kuti mu 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri monse. Chikhala kuti anthu akale sanabzaleko mikungudza ina kwina, monga pamwamba pa phiri la Zomba, mbewu zofesa mbande zatsopano zikadasowa. Apa mpamene paoneka ntchito yeniyeni ya kusunga mitengo pamalo otetezedwa. Nafenso tikuona ndi maso momwe nkhalango za Chongoni ndi Dzalanyama zikuperepesekera ndi nkhwangwa za ootcha makala.

Dzuwa likafika paliwombo khalani m'mbali mwa Mulunguzi mudye kamba wanu, koma mugwiritse, chifukwa apusi a kumeneko sachita manyazi ndi alendo. Kuthyola duwa kapena kulemba dzina lanu pa khungwa ndi mpeni nkoletsedwa.

Chakumadzulo nkoyenera kukaona Herbarium, nyumba yosungiramo zomera zouma, imene ili mumzinda momwemo. Kumeneko amatenga kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, nakapanikiza pakati pa mapepala kufikira kauma, nakamata pa pepala lolimba. Pansi pake amalemba dzina, malo amene kanapezeka, tsiku, ndi munthu amene anakatola. Mapepala otere alimo zikwizikwi, kotero kuti munthu akapeza chomera chachilendo atha kuchiyerekeza ndi zimene zilimo. Popeza muja ndi mogwirira ntchito, aphunzitsi ayambe alemberako kalata gulu lisananyamuke.

Ngati thumba la kalabu yathu silingakwanitse ulendo wa ku Zomba, bungwe lomweli lili ndi minda inanso iwiri, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wa ku Lilongwe uli pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo kuchokera kuno munthu atha kupita m'mawa nabwerako dzuwa lisanalowe.