BUKU LA KATUNDU LIKANAMA, SUKULU IMAIMA PANJIRA

M'madera ambiri a dziko lino muli makalasi ndi zipatala zimene zipupa zace zinaima pa mawindo. Anthu akafunsa, yankho ndi limodzi: simenti inatha. Koma kuti inatha bwanji, kawirikawiri palibe angafotokoze, cifukwa buku lolembamo katundu womangira silinasungidwe bwino.

Nkhani imeneyi yakula tsopano popeza ndalama zafika pafupi ndi midzi. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ciliconse ca phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mbali yaikulu ya ndalamazi ndi yomangira makalasi, zipatala ndi milatho. Koma mkulu wofufuza ndalama za Boma, Auditor General, wakhala akudandaula m'malipoti ace za katundu wogulidwa amene alibe mapepala osonyeza kuti anamlandira ndani ndiponso anagwira nchito yanji.

Si nthawi zonse pamene colakwa cimakhala kuba. Bvuto loyamba ndi miyeso. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, motero matumba 20 ndiwo tani imodzi. Koma mcenga ndi miyala wina amalemba m'mawilibala, wina m'ngolo, winanso amangoti "maulendo atatu a galimoto" osachula kukula kwa galimotoyo. Mcenga wonyowa umalemeranso kuposa wouma. Pofika tsiku lowerengera, manambala otere sangaphatikizidwe.

Bvuto laciwiri ndi kusachula mtundu wa katundu. Kulemba kuti "malata 60" sikukwanira. Malata amasiyana kutalika ndi kucindikala, ndipo a geji 30 ndi opyapyala kuposa a geji 28. Buku likapanda kunena zimenezi, wogulitsa wosakhulupirika angabweretse opyapyala nalandira mtengo wa ocindikala, ndipo denga lidzayamba kudontha msanga.

Lacitatu ndi kucedwa kulemba. Kapitao amene amadikira kutha kwa mwezi kuti adzaze buku amalemba zokumbukira, osati zimene anaona.

Koma kumene kumalowera cuma cambiri mwakacetecete ndi ku zoonongeka ndi zotsala. Njerwa zimasweka potsitsa, matabwa amasiya zidutswa, simenti yoikidwa pansi ponyowa imauma ngati mwala. Zimenezi zimacitika pa nchito iliyonse, koma zikapanda kulembedwa zimasanduka mobisalamo mbala. Tiyerekeze kuti komiti yalandira matumba 200, omanga agwiritsa nchito 170, ndipo 30 akuti anauma. Ngati palibe amene anawaona ndi kusaina, adziwa ndani ngati anaumadi kapena anakamanga nyumba ya munthu wina?

Zinyalala za pomanga zimakhudzanso umoyo. Lamulo la zinyalala la 2018 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira zinyalala m'madera ao, koma khonsolo singakonze malo otayirako ngati siidziwa kuculuka ndi mtundu wa zotayidwa. Pogwetsa nyumba zakale pamapezeka malata a asibesito, amene pfumbi lace limabweretsa matenda oopsya a m'mapapo. Otere akangolembedwa kuti "zinyalala", adzathera m'maenje a mumseu momwe ana amasewera.

Mankhwala ace safuna ndalama zambiri. Katundu awerengedwe galimoto isanacoke, pamaso pa anthu awiri kapena atatu a m'komiti, ndipo pepala lobwera nalo lisainidwe pokhapokha manambala atagwirizana. Muyeso ukhale umodzi kuyambira pa maziko kufikira pa denga. Coturuka m'nyumba yosungiramo cilembedwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi dzina la wocitenga. Zoonongeka zikhale ndi tsamba laolao, ndipo matumba a simenti opanda kanthu asungidwe kuti awerengedwe. Wolakwitsa nambala asafufute kapena kung'amba tsamba, koma adule mzere umodzi nalembe yoona pambali.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mafumu, aphunzitsi, makolo ndi makomiti a citukuko a m'mawadi ayenera kumapempha kuona bukulo nchito ili mkati, osati itaima kale. Thumba lililonse losowa m'buku ndi mzere wa njerwa wosowa pa kalasi la ana athu.