Phiri la Songwe pa Msika wa Mayiko Akuluakulu

Mukapitirira pa Migowi m'boma la Phalombe, kusiya phiri la Mulanje kumbuyo n'kumalowera chakunyanja ya Chilwa, mumafika pa kaphiri kotchedwa Songwe, kamene kanatsamira phiri la Mauze. Kalibe ulemerero wa Sapitwa, ndipo m'tsinde mwake muli zomwe zili paliponse m'chigwachi: minda ya chimanga ndi nandolo, mbuzi, njinga za kabaza. Koma mu June 2025, bungwe la European Union litatulutsa mndandanda wa ntchito 13 za kunja kwa mayiko ake zimene likuziona kuti n'zofunika kwambiri pa nkhani ya miyala, dzina la Songwe linalipo. Patangopita miyezi yowerengeka, DFC, bungwe la boma la America lothandiza ndi ndalama pa ntchito za chitukuko, linasainira madola 4.6 miliyoni oti athandize kukonzekera mgodi pamalopo. Chikondi chadzidzidzi chotere chimafuna kuchifunsa. Amene akukoka maso a Brussels ndi Washington ndi mantha okhudza luso lamakono, ndipo dziko limene likugulitsa kwa munthu wamantha liyenera kudziwa bwino chimene wogulayo akuopa lisanatchule mtengo.

M'phirimo muli miyala ya gulu lotchedwa rare earths, lomwe lili ndi mitundu 17. Dzinalo limanamiza pang'ono, chifukwa miyalayi si yosowa kwenikweni; imapezeka m'mayiko ambiri. Inayi mwa iyo, neodymium, praseodymium, dysprosium ndi terbium, ndiyo imapanga maginito amphamvu amene amazunguza injini za galimoto zoyendera magetsi, makina opangira magetsi ndi mphepo, ma drone, ngakhalenso zida za nkhondo. Chovuta ndi kuilekanitsa. Imabadwira pamodzi m'mwala umodzi ndipo imafanana kwambiri, moti kuchotsa umodzi pakati pa inzake kumafuna kuisungunula ndi mankhwala n'kuisefa kambirimbiri, ntchito yoposa kusankha mchenga mu ufa. Dziko la China linatha zaka makumi angapo likuphunzira luso limeneli pamene ena ankaliona ngati ntchito yauve yosapindulitsa, ndipo lero limakumba pafupifupi magawo awiri mwa atatu a miyalayi padziko lonse ndi kuyenga pafupifupi 90 peresenti. Mu 2010, litakangana ndi Japan pa nkhani ya zilumba, miyala yopita ku Japan inaima kaye. Mu December 2023 linaletsa kutulutsa kunja luso loyengera, ndipo mu April 2025, mkangano wa misonkho ndi America utafika povuta, linalamula kuti mitundu isanu ndi iwiri ya miyalayi pamodzi ndi maginito ake isatuluke popanda chilolezo. Mafakitale ena a galimoto ku America, ku Ulaya ndi ku Japan anaimitsa kaye makina.

Mbiri ya Songwe ikusonyeza bwino chimene chasintha. Akatswiri a ku Japan anabowolapo kale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, n'kulemba zomwe anapeza, phiri n'kukhala chete zaka zina makumi awiri. Kampani ya Mkango Resources ya ku Canada inayamba kufufuza cha m'ma 2010, ndipo kafukufuku wake wamkulu wa mu 2022 anati mgodiwo ungagwire ntchito zaka 18. Mu July 2024 boma linasaina mgwirizano ndi kampaniyi: 5 peresenti ya ndalama zogulitsa ngati royalty, msonkho wa 30 peresenti pa phindu, ndi masheya 10 pa 100 alionse kukhala a boma. Pulani yake ndi yoti miyala iphwanyidwe ndi kutsukidwa konkuno mpaka itakhala ufa wosakanikirana wa carbonate, kenako ukalekanitsidwe ku fakitale imene kampani yomweyo ikufuna kumanga ku Puławy m'dziko la Poland. Mwala umene Ajapani anauona ndi womwewu. Zimene zabwera pambuyo pake ndi galimoto ya batire ndi lamulo la European Union la mu 2024, lonena kuti pofika 2030 mayikowo asamadalire dziko limodzi lakunja pa zoposa 65 peresenti ya mwala uliwonse wofunika. Aliyense akudziwa dziko limene lamuloli likunena ngakhale silikulitchula.

Mlimi wa ku Phalombe sakufunika digiri kuti amvetse kuti mtengo wobwera ndi ndale umapitanso ndi ndale. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake pofuna kuteteza alimi ake, ndipo matumba amene chaka chapitacho ankamanga nyumba zamalata anangounjikana m'makonde, mavenda akutchula mitengo yonyoza. Zinatengera mgwirizano wa maboma awiri mu 2021, wolola matani 50,000 pachaka, kuti khomo litsekukenso bwino. Miyala nayo ili ndi mbiri yofanana. Mitengo ya rare earths inakwera modabwitsa mu 2011 kenako n'kugwa, ndipo pofika 2015 kampani ya Molycorp, imene inatsegulanso mgodi wa Mountain Pass ku California, inali itagwa ndi ngongole. Kwathu konkuno mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima itagwetsa mitengo. Pamwamba pa izo, akatswiri akuyesa kupanga injini zosafuna maginito amenewa, ena akuchotsa maginito m'makompyuta akale n'kuwakonzanso. Mkango yomweyo ili ndi dzanja m'kampani ya HyProMag imene ikuchita zimenezi ku Birmingham. Nthawi imene Songwe akufunidwa chonchi ili ndi malire.

Ena akuti yankho n'losavuta: tiletse kutulutsa miyala yosayenga, zonse zichitikire kuno. Maganizo amenewa ali ndi mphamvu, ndipo mu October 2025 Pulezidenti Peter Mutharika analamuladi kuti miyala yosakonzedwa isamatuluke m'dziko. Cholinga chake n'chomveka kwa aliyense amene waona fodya, tiyi ndi thonje zikuchoka zosaphika kwa zaka zoposa zana. Koma mawu oti kukonza ali ndi makwerero ambiri. Kuphwanya mwala ndi sitepe yoyamba, kupanga carbonate ndi yachiwiri, kulekanitsa mitundu ndi yachitatu, ndipo ndalama zenizeni zili kumtunda, pa zitsulo ndi maginito. Sitepe yachitatuyo yavutitsa America ndi Australia, mayiko okhala ndi ndalama, mankhwala ndi magetsi osazima. Ife namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatenga chaka ndi miyezi. Lamulo loletsa silibala fakitale palokha. Lingathandize ngati likutsagana ndi ndondomeko yonena sitepe imene tikufuna kufikapo chaka chakuti, magetsi ake achokera kuti, ndi ana angati a kuno amene adzakhale ataphunzira ntchitoyo.

Enanso amati Malawi ndi wamng'ono, wangongole, wosowa ndalama zakunja, choncho alandire chimene wapatsidwa asanathawitse alendo. Kapenanso asankhe mbali imodzi, ya azungu kapena ya China, n'kukhala mwana wokhulupirika. Zoona, wopemphapempha sakweza mawu. Komabe pa msika uwu wosowa si ife tokha. Ku Balaka kuli Kangankunde, amene akuwerengedwa m'gulu la malo aakulu a rare earths padziko, ndipo ku Lilongwe kuli Kasiya ndi rutile ndi graphite wake, komwe kampani ya Rio Tinto inaikako ndalama. Ulaya anadziikira yekha malire a 2030 ndipo sangawakwanitse popanda migodi ya kunja. Kusankha mbali kukanakhala kutaya mphamvu yokhayo imene tili nayo, makamaka kwa dziko limene lakhala paubale ndi Beijing kuyambira pomwe linasiya Taiwan pakati pa 2007 ndi 2008, ndipo aphungu ake amakumana m'nyumba imene China inamanga. Chofunika n'chakuti aliyense wobwera apeze mafunso ofanana patebulo, ndipo mafunsowo asathere pa maperesenti okha. Labotale yoyezera miyala, chingwe cha magetsi chimene chidzatsale mgodi ukatha, ndi malo a ophunzira a ku MUBAS ndi ku yunivesite ya ku Zomba m'fakitale ya ku Puławy ndi zinthu zimene dziko lamantha lingavomere lero mosavuta kusiyana ndi zaka khumi zikubwerazi.

Apa ndi pamene kafukufuku wathuwathu akufunika, ndipo ndi pamene tili ofooka. Ku Brussels, Washington ndi Beijing kuli magulu a anthu amene ntchito yawo tsiku lonse ndi kuwerenga matani, mitengo ndi malamulo a anzawo. Kuno manambala ambiri okhudza Songwe amachokera m'malipoti a kampani, olembedwera ogula masheya ku London ndi ku Toronto. Sikuti ndi abodza. Kungoti amayankha mafunso a eni ake. Taonani chitsanzo chimodzi. Ngati wogulitsa ku Phalombe ndi wogula ku Poland ali a mwini mmodzi, mtengo umene royalty ya 5 peresenti idzawerengedwerepo adzautsimikiza ndani? Limeneli si dandaulo kwa kampani iliyonse, ndi funso limene dziko lililonse la migodi limakumana nalo, ndipo ife tinaphunzira kale mowawa: lipoti la ActionAid la mu 2015 linati Malawi anataya madola pafupifupi 43 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi ku Kayelekera chifukwa cha misonkho yochotseredwa ndi mmene ndalama zinkayendera pakati pa makampani apachibale. Ndege za kauniuni wa miyala zinauluka, mapu ake anatuluka mu 2015, tikudziwa zambiri za pansi pa nthaka kuposa kale. Koma kudziwa kuti mwala uli pati n'kosiyana ndi kukhala ndi anthu ku MRA, ku Geological Survey ku Zomba ndi ku Nyumba ya Malamulo otha kutsegula thumba la carbonate, kuliyeza, n'kunena kuti muli neodymium wochuluka bwanji ndipo sabata ino akugula zingati.

Pali mbali ina imene sidzalembedwa ku Brussels chifukwa sikuwakhudza. Miyala ya mtundu uwu kawirikawiri imakhala ndi thorium pang'ono, ndipo kuitsuka kumasiya matope a mankhwala amene amasungidwa m'damu kwa zaka zambiri mgodi utatsekedwa. Bungwe loona za chilengedwe la MEPA linavomereza lipoti la zachilengedwe la ntchitoyi kumayambiriro kwa 2023. Mu March chaka chomwecho namondwe Freddy anagwetsa mapiri ndi kukokolola midzi m'Phalombe ndi Mulanje, monga napolo wa mu March 1991 anachitira pansi pa Michesi. Damu lililonse lomangidwa m'chigwachi liyenera kuyezedwa ndi mvula ya Freddy, ndipo anthu a kwa Nazombe ali ndi ufulu womva m'Chichewa ndi m'Chilomwe amene adzaliyang'anire m'chaka cha 19, kampani itapakira. Madzi a m'derali amatsikira ku Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukira, kumene asodzi amapha matemba amene amakagulitsidwa ku Limbe.